Thalauza Pansi pa Njanji

Ine ndine Keziah NyaManda wa ku Nkhata Bay, wogulitsa usipa mumsika. Sindine munthu wa misozi, ndipo nkhani zozungulira sindizikonda. Chaka chatha ndinachotsa mwana wa amuna anga m'nyumba ya bambo ake popanda kumunyoza ngakhale kamodzi. Ndikuuzani mmene ndinachitira.

1

Ada Mhone, amuna anga (kwathu bambo timamuti Ada), anapita ku Bulawayo ine ndili ndi mwana kumsana, ndipo anabwerako mu 1980 ine ndili ndi zidzukulu. Kuno kwathu zimenezi si zachilendo. Amuna a anzanga ankabwera ndi njinga, wailesi, makina osokera. Anga anatsika Ilala ndi sutikesi imodzi ndi chibokosi cha matabwa chimene onyamula katundu padoko ankachitukwana.

"Makina osokera amenewo, NyaManda. Mwalemera!" anatero Dorothy NyaChirwa, mnansi wanga, amenenso ndi wapampando wa amayi m'dera lathu.

Titatsegula kunyumba, munali tinjanji, timabogi, ndi kamutu ka sitima kakuda kotalika ngati chinangwa chimodzi. Mzungu amene ankamuphikira, posamukira ku Joni, anawasiyira zimenezo.

"Ada," ndinatero, "zaka zonsezi mwabwera ndi zidole?"

"Si chidole ichi, NyaManda. Imayenda ndi moto weniweni."

Analanda chipinda changa chosungiramo usipa nthawi ya mvula, chimene chili ndi chitseko chakechake cha kukhonde. Anakhomamo thabwa lalikulu ngati zitseko ziwiri, lofika m'chiuno, n'kuyalapo njanji mozungulira. Moto unkachokera m'batire ya galimoto imene ankakatchajitsa ku galaja, kudzera m'kabokosi kopotokola.

Koma sitimayo inali ndi matenda. Pafupi ndi batire inkathamanga bwinobwino. Ikafika kutsidya kwa thabwa, cha pawindo, inkayamba kutsimphina, kenako zii. Munthu ankayenera kuzungulira n'kukaikankha ndi chala. Mvula ya ku Nkhata Bay mukuidziwa, imadyetsa dzimbiri ngakhale singano ili m'chitini. Tsiku lina nditatopa ndi madandaulo awo ndinakwecha njanji zonse ndi mchenga ndi phulusa, monga timachitira ndi mapoto. Zinawala masiku ochepa, kenako zinachita dzimbiri kuposa kale. Ada sanandilankhule mpaka Lamlungu.

Anasinthanso munthuyo. Anasiya kupereka moni kwa anthu pamsewu, moti ankanenedwa kuti ndi wonyada. Kutchalitchi ankaimba buku lili chotseka. Kawiri konse anagwetsa kapu ya tiyi. Ine ndinkangoti ndi ulesi wa munthu wozolowera nyumba za azungu.

2

Patapita zaka zitatu, masana ena ndikuchokera kumsika, ndinapeza mtsikana wamtali atakhala pakhonde langa, chikwama pamiyendo. Nditangoona mphumi yake ndinadziwa. Inali mphumi ya Ada.

"NyaManda," anatero iwo akuyang'ana pansi, "uyu ndi Prisca. Ndi mwana wanga. Mayi ake anamwalira."

Kuti kunali mkazi ku Bulawayo ndinkadziwa. Mkazi aliyense wa kuno amene mwamuna wake anachedwa kunja amadziwa, safunsa. Koma kudziwa ndi kwina, kumuyalira mphasa ndi kwina.

Prisca anagwada. "Timoneni, Mama," anatero. Mawu a Chitonga amene ankadziwa anali omwewo. Zotsala tinkalankhula m'Chichewa chake chopindika chimene anatola kwa anthu akwathu kumeneko.

Chilungamo ndinene: analibe mwano. Ankatunga madzi, ankasesa, kondowole ankayesetsa kumeza ngakhale nkhope inkamutsutsa. Chimene chinkandiwawa chinali china. Popita kutchalitchi ankakolowekana mikono ndi bambo ake ngati chibwenzi. Pa chakudya ankawachotsera minga m'nsomba, n'kuwasunthira kapu pafupi ndi dzanja. Ine ndinalera ana anayi ndekha, kulima chinangwa ndekha, denga kufolera ndekha, ndipo munthu wondichotsera minga sindinamuonepo. Akalowa m'chipinda cha sitima ankalankhula Chindebele ndi kuseka. Ine kunja kuno ndinkangomva ngati mlendo m'nyumba yanga yomwe.

3

Ku Bulawayo Prisca ankagwira ntchito pa fakitale ya mawailesi. M'chikwama muja, pansi pa zovala, munali mipukutu iwiri ya waya, wofiira ndi wakuda, mtovu wowotcherera, ndi kachitsulo ka mutu wamkuwa kotenthetsa pa mbaula.

Tsiku lina ndinalowa kukatenga lichero, iye n'kundigwira dzanja.

"Mama, bwerani muone matenda ake."

"Ndili ndi ntchito ine."

"Pang'ono pokha. Onani, moto ukulowa malo amodzi okha, apa. Kuti ukafike pawindo uyenera kudutsa polumikizira paliponse, ndipo paliponse pali dzimbiri. Pofika uko watha mphamvu."

"Ngati kupatsirana ndowa pozimitsa moto," ndinatero ine. "Womaliza amalandira theka."

Anaomba m'manja. "Baba, mwamva? Mama amvetsa msanga kuposa inu!"

Ada anaseka. Ine sindinaseke, ngakhale mumtima zinandikoma.

"Ndiye tichita chonchi," anapitiriza. "Mawaya awiri akuluakuluwa ayenda pansi pa thabwa kuzungulira monse. Chidutswa chilichonse cha njanji tichipatsa timawaya take tiwiri: kuboola thabwa, kuwotcherera m'mbali mwa njanji, kutsitsa, kulumikiza pansi. Njanji yakunja, wofiira. Yamkati, wakuda. Mukasokoneza pamodzi pokha, ndi shoti, sitima siyenda konse. Tikamaliza, palibenso wokankha ndi chala."

"Chala cha bambo ako chatopa ndi chiyani? Ndi ntchito yokhayo imene amagwira."

Prisca anayang'ana bambo ake, iwo anapukusa mutu pang'ono. Ndinaona, koma ndinati ndi zinsinsi zawo za ku Bulawayo, ndipo ndinatuluka ndi lichero langa.

Ntchito ya pansi pa thabwa ndi yogona chagada, mawondo m'mwamba. Tsiku loyamba dontho la mtovu linamugwera pamwendo, anakuwa mpaka nkhuku zinabalalika. Mawa lake ndinamupeza atavala thalauza la kaki la bambo ake, limene ankavala kukhitchini kwa mzungu, atalimanga ndi chingwe m'chiuno.

"Iwe! Kuno mkazi savala thalauza. Ndi lamulo la dziko. Anthu amatengedwa nazo zimenezo."

"M'chipinda muno mokha, Mama. Chitseko chotseka."

"Musiyeni mwana, NyaManda," anatero Ada. "Akuona ndani?"

Mawu amenewo ndinapita nawo kumsika. Akuona ndani?

4

Sindinakamunenere kwa aliyense. Izi ndinkadzitonthoza nazo kwa miyezi. Chimene ndinachita ndi ichi.

NyaChirwa anabwera pa benchi langa kudzagula usipa.

"Kodi mlendo wanu uja simukumutulutsa bwanji? Tikungomva kuti kwanu sitima ikufika Bulawayo osatuluka m'nyumba."

"Bwerani mudzaone nokha," ndinatero ndikumuwonjezera basela. "Loweruka masana. Nthawi imeneyo amakhala ali pa ntchito. Mubwere ndi alamu anu a Gibson, amakonda za makina."

A Gibson makina sawadziwa. Ntchito yawo m'dera lathu ndi kuona kutalika kwa masiketi ndi tsitsi la anyamata. Ine ndinkadziwa, NyaChirwa ankadziwa kuti ndikudziwa, ndipo tonse tinaseka.

Loweruka anafika, NyaChirwa, amayi ena awiri ndi a Gibson. Chitseko cha chipinda chija chimalira ukachikankha msanga, ndipo Prisca akanamva akanabisa miyendo. Ndinawatsogolera ine, ndinachinyamula pang'ono pa mahinjesi, n'kuchitsegula pang'onopang'ono mpaka kukhoma.

Ada anali pampando, kabokosi kopotokola pamiyendo. Pansi pa thabwa panatuluka miyendo iwiri ya kaki.

"Timoneni, ada apansi," anatero NyaChirwa.

Prisca anadzikoka n'kutuluka, kachitsulo kotentha m'manja, tsitsi lodzaza utuchi, akumwetulira poganiza kuti alendo abwera kudzaona sitima.

"Ndani?" anafunsa Ada. "Ndani walowa?" Dzuwa linali phwee, anthu anayi ataima pamaso pawo. Ine ndinati ndi mantha.

"Mayi, imirirani," anatero a Gibson. "Tiyeni monga mulili."

"Ndivale kaye chitenje."

"Monga mulili."

Anamudutsitsa pakati pa msika ali m'thalauza lomanga ndi chingwe. Amayi a tomato anaimirira pa mabenchi kuti aone. Wina anakuwa kuti, "Amuna a ku Bulawayo amamera mabere!" Msika wonse unagwa ndi phwete. Ine ndinkabwera m'mbuyo, manja kumutu, ndikunamizira kudabwa.

5

Ine ndinkafuna kuti achite manyazi basi, aphunzire kuti nyumba ili ndi mwini wake. Koma atamufunsa mafunso kumene anamutengerako, zinapezeka kuti masiku amene anamulola kukhala m'dziko muno anali atadutsa. Za thalauza anangomudzudzula. Za masikuzo anamuuza kuti akwere Ilala ikamabwerera kummwera, ndipo asaonekenso msanga. Izo sindinkazidziwa. Koma sindinama, nditamva mtima wanga unati myaa.

Ada anapita kukapepesa, atavala jekete. Anabwerako bondo litanyuka. Anati anapunthwa pa masitepe.

Padoko, anthu akukankhana ndi mitolo ya nsomba, Prisca anandikokera pambali n'kundipatsa kanthu kokulunga m'nyuzipepala. Kanali kachitsulo kaja.

"Mama, kwatsala mbali ya pawindo yokha. Mabowo ndaboola kale."

"Ndiye ine nditani nako?"

"Kasungeni. Ndiponso, Mama, Baba musamawasiye okha pamsewu wa magalimoto."

"Amuna anga ndiwadziwa ine. Ndinakwatiwa nawo iwe usanabadwe."

"Akuuzani okha," anatero. Kenako anagwada pa simenti yonyowa, pamaso pa anthu amene anamuseka aja. "Yewo, Mama, pondisunga."

Anakumbatira bambo ake. Iwo anamugwira nkhope ndi manja onse awiri, kuyambira pamphumi mpaka pachibwano, ngati munthu wosankha mphika pamsika. Ine ndinayang'ana kumbali. Ndinati ndi chizungu.

6

Nyumba inabwerera kwa ine. Usipa wanga ndinaubwezera pakona ya chipinda cha sitima, ndipo palibe anandiletsa. Ada anasiya kuseka, anachepetsa kudya. Minga inawabaya pakhosi kawiri.

M'mawa wina ndinabwerera kunyumba nditaiwala mbale yoyezera. Chitseko cha chipinda chinali chotsegula. Ndinaima pakhomo. Sitima inanyamuka bwino, inadutsa mbali yonse imene Prisca anamaliza, n'kukafa pawindo monga kale. Ada anaimirira, anazungulira akugwira m'mphepete mwa thabwa, n'kuyamba kufufuza ndi manja. Sitima inali patsogolo pawo penipeni, kuwala kwa pawindo kukuimenya. Iwo ankapapasa kumanzere. Anagwetsa kamtengo, anagwetsa kanyumba ka siteshoni. Kenako anatembenukira kukhomo, maso ali pa ine ndithu.

"Pali munthu?"

Moni pamsewu, buku lotseka, makapu, masitepe, minga. Zonse zinabwera pamodzi.

"Ada, simukundiona?"

"Ndikuona kuti pakhomo pada. Ndiye kuti pali munthu."

"Kuyambira liti?"

"Dokotala anandiuza ndisanachoke ku Bulawayo. Prisca ndiye anandiperekeza. Anati maso azizima pang'onopang'ono, mankhwala palibe."

"Ndiye mwana adziwe, ine mkazi wanu ayi?"

"NyaManda, ndinakusiyani ndili ndi maso awiri. Maso onsewo ndinakathera kwa azungu ndi kwa mkazi wina. Ndiye ndibwere ndinene kuti, landirani, zotsala ndi izi, muzinditsogolera kuchimbudzi? Ndinalibe nkhope."

Anakhala pansi, penipeni pafumbi.

"Sitimayi kuiona ndinasiya kale. Ndimaimvera. Ikamayenda ndimadziwa pamene ili, ndimakhala ngati ndikuona. Ikaima, ndimasowa. Ndinatuma uthenga kwa mwana kuti sindikuipezanso. Iye anasiya ntchito kuti adzaikonze isamaime. Masiku ake anadziwa kuti adutsa, koma anati sachoka asanamalize." Anapukuta kumaso. "Ndinkati nkhope yake ndiionenso pang'ono kuwala kusanathe. Basi."

Kumsika sindinabwerere tsiku limenelo.

7

Kulira sikulumikiza waya. Mawa lake ndinakoleza mbaula, ndinamasula nyuzipepala ija, n'kuika kachitsulo pamakala.

"Mukutani?" anafunsa Ada.

"Khalani pampando. Muzindiuza zimene mwana ankanena."

Pamwamba sipanavute kwambiri. Ndinapala m'mbali mwa njanji ndi mpeni mpaka kuwala, ndinagunditsa waya, kachitsulo, mtovu. Poyamba mtovu unkangogubuduzika ngati mkanda. Ada anati, "Tenthetsani njanji, osati mtovu. Mwana ankatero." Unagwira.

Pansi ndiye panali nkhondo. Ndine mayi wa thupi, ndipo msana wanga si wa mtsikana. Nditagona chagada chitenje chinakwera, ndikachikoka waya ankapulumuka. M'mene ndinayang'ana m'mwamba ndinaona ntchito ya Prisca: mawaya awiri oyenda bwino ngati mizere ya m'munda, paliponse pomangidwa mwaukhondo, mpaka pamene anamuimitsa. Pamenepo kawaya kofiira kamodzi kankalendewera, kosendedwa kale.

Ndinalumikiza zidutswa zitatu. Ada anapotokola. Sitima sinasunthe n'komwe, ndipo kunamveka fungo la mphira wopsa.

"Zimitsani!" ndinakuwa.

"Shoti imeneyo. Mwasokoneza."

"Sindinasokoneze! Wofiira kumanja, monga ndayambira."

"Si kumanja, NyaManda. Kunja. Mukatembenuka pansipo, kumanja kumasintha, kunja sikusintha."

Anali olondola. Ndinadula, ndinayambiranso. Ndipo pamenepo dontho la mtovu linandigwera pantchafu. Mawu amene ndinanena sangalembedwe m'magazini.

Ndinatuluka, ndinapita kuchipinda chogona. Thalauza lija linali m'sutikesi, lochapidwa, chingwe chake chili momwemo. Ndinaliyang'ana nthawi yaitali. Kenako ndinalivala. Linandithina m'chiuno, chingwe sichinafunike.

Pobwerera ndinadutsa pafupi ndi mpando wawo. Kaki amalira munthu akamayenda. Ada anatambasula dzanja n'kundigwira pabondo. Anapapasa nsaluyo ndi zala. Ndinalowa pansi pa thabwa.

"NyaManda."

"Ee."

"Tsekani chitseko. Mwachisiya chotsegula."

Ndinati ndidzuke, iwo anapitiriza ndi mawu omwewo, osakweza.

"Chitseko chimenecho chimalira kwa aliyense. M'nyumba muno amene amadziwa kuchinyamula kuti chisalire ndi munthu mmodzi. Loweruka lija sichinalire."

Ndinagona pomwepo, kachitsulo kakuzirala m'manja, ndikuyang'ana mawaya a mwana wawo.

"Munadziwa nthawi yonseyi?"

"Makutu ndili nawo."

"Prisca?"

"Anandifunsa amene anatsegula chitseko. Ndinati ndi mphepo."

Ndinayembekeza kuti anditukwane, kapena anene kuti andikhululukira. Sananene chilichonse mwa ziwirizi. Anangoti, "Kachitsulo kazizira. Bwezerani pamoto."

Ndinamaliza dzuwa likupendeka. Anapotokola. Sitima inanyamuka, inadutsa mbali ya Prisca, inalowa mbali yanga, inafika pawindo, inadutsa osatsimphina, n'kubwerera pamene inayambira. Inazunguliranso. Ada anatsamira kumbuyo, mutu ukutsatira phokoso.

"Ili pawindo," anatero. "Ili pa siteshoni. Ili pawindonso."

Tsopano owerenga, mverani. Lamulo sindikulitsutsa, ndipo NyaChirwa ndi alamu ake sindikuwada. Iwo anabwera chifukwa anaitanidwa. Ine ndinakhala ndi munthu m'nyumba zaka zitatu akuchita khungu, osaona, chifukwa maso anga anali pa zimene anandilakwira. Mwana amene anaona ndinamuyendetsa pakati pa msika. Amayi anzanga amene amuna anu abwera mochedwa ndi katundu wosayenera, mkwiyo wanu ndi woona, ine ndikuudziwa. Koma musanatsegule chitseko, yang'anani kaye amene ali kumbuyo kwake akuchita chiyani.

Ada Mhone kuwala kunawatheratu m'maso m'mwezi wa Juni. Nkhope ya mwana wawo sanaionenso. Minga ndimawachotsera ine, ndipo kutchalitchi timakolowekana mikono, oseka aziseka. Waya akaduka ndimavala thalauza n'kulowa pansi. Amene akufuna kukanena akanene, nyumba yanga ili kumtunda kwa msika.

Ndatuma anthu awiri opita ku Bulawayo, koma akuti pa fakitale paja Prisca sanabwererepo. Ngati wina wa inu amudziwa, mtsikana wamtali wa chipsera cha mtovu pamwendo wakumanzere, mumuuze zinthu ziwiri. Choyamba, sitima siimanso pawindo. Chachiwiri, sinali mphepo.